Mawu a Mlembi pa Msonkhano wa ku Karonga: Za Imfa za Anthu Aakulu

Ife tiona kuti m'dziko lathu lino osauka ndiwo atsogola kumanda. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amtengatenga athu anatha ndi kamwazi ndi njala m'njira, osalembedwa maina, pamene Azungu ophedwa pano ali ndi miyala yawo. Nthawi yathu inonso, mankhwala a Edzi atafika pa chipatala cha Karonga mu 2005, owerenga anthu a ku Chilumba anapeza kuti imfa zinayamba kuchepa m'mbali mwa msewu waukulu, koma kumidzi yakutali ayi. Mankhwalawo anali aulere; ulendo ndiwo unafuna ndalama. Chifukwa chake tipempha Msonkhano ulembere Bwanamkubwa za milatho yathu mvula isanagwe.