Dotolo Jane Waterston: Mlendo Amene Adadza ndi Kalumo Kakuthwa



Makolo adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Lero tikumbukire mlendo wina amene adafika nako kalumoko m'dziko muno, koma kadakameta kwina.

Dzina lake ndi Jane Elizabeth Waterston. Adabadwira ku Inverness, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1843. Mu 1867 adafika ku Lovedale, ku South Africa, kudzatsogolera sukulu ya atsikana. Mtima wake udali pa udotolo, ngakhale kuti masiku amenewo sukulu za udotolo ku Britain zinkawatsekera pakhomo akazi. Mu 1874 ku London kudatsegulidwa sukulu ya udotolo ya akazi okhaokha, ndipo iye adali mmodzi mwa ophunzira oyamba. Chilolezo chogwirira ntchito adakachipeza ku Ireland mu 1879.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho adafika ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, kumene mishoni ya Livingstonia idayambira mu 1875. Iyeyu ndiye adali dotolo wamkazi woyamba kugwira ntchito m'dziko lino. Tsoka ilo, sadakhalitse. Amishoni anzake aamuna sadamuwerengere ngati dotolo mnzawo, ndipo naye sadagwirizane ndi nkhanza zimene ena mwa iwo ankachitira anthu akuda. Mu 1880, patangopita miyezi yowerengeka, adalongedza nabwerera ku Lovedale.

Mu 1883 adakhazikika ku Cape Town, ndipo kumeneko ndiko kalumo kake kadaonekera kuthwa. Mu 1888 adayambitsa nthambi ya amayi pa chipatala chaulere cha mumzindawo, yothandiza amayi osauka oyembekezera ndi ana awo. Adazindikira kuti manja a dotolo mmodzi sangafike pa chikuta chilichonse, choncho nthambiyo inkaphunzitsanso azamba. Mu 1929 yunivesite ya Cape Town idampatsa digiri yaulemu, ndipo adamwalira mumzinda womwewo mu 1932 ali ndi zaka 89.

Akuluakulu, chinenero chathu chili ndi nzeru zakuya. Mayi woyembekezera timati ndi wapakati, pakuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Akabereka bwino timati wachira. Amayi ndiwo akhala alonda a malo oopsawa kuyambira kale, ndipo azamba athu adaulondera uchembere zipatala zisadadze. Koma pali zina zimene manja okha sangathe: kutaya magazi kwambiri, kuthamanga kwa magazi, mwana kugona mopingasa. Izi zimafuna dotolo ndi mzamba wophunzira, ndipo zikachedwa zimatenga mayi ndi mwana yemwe.

Kuchokera pamene Dotolo Waterston adachoka ku Cape Maclear, padapita zaka zoposa 110 kuti dziko lino litsegule sukulu yakeyake ya madotolo, ku Blantyre mu 1991. Lero khomo limenelo ndi lotsegukira atsikana. Chimene chingawatsekereze tsopano ndi ife eni ake, tikamatulutsa mwana m'kalasi kuti akakwatiwe. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino adasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asadakwanitse zaka 18, koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha mfumu, malume ndi namkungwi akaligwirizira. Mtsikana wotenga pakati thupi lisadakhwime ndiye amakhala pachiswe pochira, ndipo mudzi umatayanso dotolo wa mawa.

Mlendo uja adatipulumuka chifukwa amene adali naye sadaone luso la munthu wamkazi. Atsikana amene avina pabwalo lino lero si alendo. Ndi ana athu. Anamkungwi, powalangiza za mwambo, muwauzenso kuti abwerere ku sukulu akamalize. Mafumu athu, mawu anu ndi olemera: atetezeni.