Mphamvu ya Womenya Mpira Imachokera Kumapazi

Ndilankhulepo pa ganizo lathu logulira ana zipangizo za kiriketi.

Ena mwafunsa kuti maseŵera ameneŵa ndi athu kodi? Ndi athu ndithu. Mu November 2019 timu ya Malaŵi inalandira timu ya Mozambique pa mpikisano wa Kwacha Cup ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo inapambana. Ife a ku Luwani, amene tinakhala zaka zambiri ndi abale athu othaŵa nkhondo ya ku Mozambique, nkhani imeneyi iyenera kutikhudza.

Koma kugula zomenyera kokha sikukwanira. Mwana ayenera kuphunzira kuima. Mpira wa kiriketi ndi wolimba, umalemera pafupifupi magalamu 160, ndipo bwalo lapakati ndi lotalika mamita 20 okha. Woponya akakhala waliŵiro, mpira umafika sekondi imodzi isanathe. Amene waima mopendekeka alibe nthaŵi yodzikonza, ndipo akhoza kuvulala.

Kaimidwe kake nkotere. Mwana aime chammbali, phewa lakutsogolo litaloza kwa woponya. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, mawondo apindike pang'ono, thupi lisatsamire kuzidendene. Mutu usagwedezeke, maso onse aŵiri akhale pampira. Pomenya, phazi lakutsogolo lipite kumene kukugwera mpira, ndipo mutu ukhale pamwamba pa bondo la phazi limenelo. Mutu ndi wolemera. Kumene wapendekera, thupi lonse limatsata.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Bambo wodula mtengo ndi nkhwangwa amayamba waponda bwino, kenaka mphamvu imachoka m'miyendo, kudutsa m'chiuno, mpaka kumanja. Mayi wosinja sadalira mikono yokha ayi, amagwiritsa ntchito thupi lonse. Ngakhale womenya baseball ku America amatsata lamulo lomweli: chiuno chimayamba kutembenuka, manja nkutsatira. Mwana wongodalira mikono amatopa msanga ndipo mpira wake supita patali.

Choncho pempho langa ndi ili: pa ndalama zimene tisonkhe, tipatuleko zina zakuti mphunzitsi mmodzi akaphunzire kaphunzitsidwe ka maseŵeraŵa, kuti anyamata ndi atsikana omwe ayambe ndi kaimidwe koyenera. Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Mwana akazoloŵera kuima molakwika, kudzamusintha atakula ndi ntchito yaikulu.