Kodi Osauka Tilipo Angati? Mkangano wa Ziwerengero ndi Ufulu Wathu Wodziwa

Awa ndi mawu omwe adayankhulidwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera. Tawasindikiza kuti nawonso amene sadafike awawerenge.

 

Mwandipempha kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene imatibwerera pa wayilesi chaka ndi chaka. Nduna ikaima m'Nyumba ya Malamulo imati umphawi ukuchepa. Wa mbali yotsutsa akaima amati boma likubisa zoona, umphawi wakula. Mabungwe nawo amabwera ndi chiwerengero chawochawo. Ife kuno timamvetsera, n'kusuzumira m'nkhokwe, n'kupukusa mitu. Ena mwa inu mwafika ponena kuti ziwerengero zonse ndi ndale basi. Ndikupempha kuti tisazitaye msanga chotero, pakuti ndi ziwerengero za mtundu umenewu zimene akuluakulu amayang'ana pogamula kuti m'boma muno mubwera matumba angati a chimanga cha chithandizo, ndi kuti m'kaundula wa Mtukula Pakhomo mulowa maina angati.

Tiyambe ndi komwe chiwerengero chimachokera. Ku Zomba kuli ofesi ya boma yoona za kalembera ndi ziwerengero, imene ambiri timaidziwa ndi dzina loti NSO. Pakapita zaka zingapo, ofesiyi imatumiza anthu ake m'midzi ndi m'matauni kukachita kafukufuku wa momwe mabanja akukhalira. Safika pa khomo lililonse ayi. Mu 2019 mpaka 2020 adayendera mabanja oposa 11,000 osankhidwa mwa maere m'dziko lonse, monga momwe mayi amalawira ndiwo ndi kachipande kamodzi popanda kumaliza mphika. Amafunsa zimene banja ladya m'sabata yapitayo, kaya zogula kaya za kumunda, komanso zimene lagwiritsa ntchito pa sopo, zovala, sukulu ndi mankhwala. Zonsezo amaziwerengera mtengo, n'kugawa ndi kuchuluka kwa anthu a pakhomopo. Akatero amayerekeza ndi mlingo umene udaikidwa. Pa nthawiyo mlingowo udali K165,879 pa munthu mmodzi pa chaka, kutanthauza pafupifupi K454 pa tsiku. Wosafika pamenepo ankawerengedwa kuti ndi wosauka. Wosafika K101,293, yomwe idali ndalama ya chakudya chokha, ankawerengedwa kuti ali pa umphawi wadzaoneni.

Nanga adapeza zotani? Kafukufuku wa 2004 mpaka 2005 adapeza kuti osauka ndi 52.4 peresenti ya Amalawi. Wa 2010 mpaka 2011 adapeza 50.7. Wa 2016 mpaka 2017 adapeza 51.5, ndipo wa 2019 mpaka 2020 adabwereranso pa 50.7. M'zaka 15, pansi pa maboma a zipani zosiyana, tidangozungulira pamodzimodzi.

Apa mpamene mkangano umabadwira, ndipo ndikufuna mumvetsetse bwino. Munthu atha kunena kuti umphawi watsika kuchoka pa 52.4 kufika pa 50.7, ndipo sananame. Mnzake atha kunena kuti osauka achuluka, nayenso sananame. Kalembera wa 2008 adatipeza tili 13 miliyoni, wa 2018 adatipeza tili 17.5 miliyoni. Theka la 13 miliyoni ndi 6.5 miliyoni, pomwe theka la 17.5 miliyoni limaposa 8.5 miliyoni. Gawo silidasinthe kwenikweni, koma pakamwa pofuna nsima pachuluka. Wachitatu adzabwera ndi mlingo wa World Bank, umene kwa zaka zingapo udali madola 2.15 pa tsiku, n'kunena kuti osauka ndi pafupifupi anthu 70 mwa 100 alionse. Ameneyonso sananame, wangoyeza ndi ndowa ina. Amene munagulitsapo chimanga kwa mavenda mukudziwa kuti thumba limodzi lomwelo limatuluka ndowa zosiyana malinga ndi mwini ndowa. Choncho munthu akatchula chiwerengero, tizimufunsa kuti wayeza ndi chiyani, ndipo wayeza liti.

Funso la liti n'lofunika kwambiri masiku ano. Chiwerengero cha 50.7 chidayezedwa mliri wa Covid-19 usadatizike mizu. Chiyezereni, kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, namondwe wa Freddy adasakaza m'chigawo cha kumwera mu March 2023, kwacha idagwanso ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho, ndipo mu 2024 ng'amba idachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. K454 ija lero siingagule ngakhale paketi ya shuga. Wogwiritsa ntchito chiwerengero chimenecho pofotokoza za lero, osatchula chaka chake, akutionetsa chithunzi cha mwana ali kumbuyo pomwe mwanayo akupita kale ku sukulu.

Kodi boma lidayamba latisokeretsapo ndi ziwerengero? Tisazembe, zidachitikapo. Pamene ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo idali pachimake, malipoti a boma ankanena kuti umphawi watsika kufika pa 39 peresenti pofika 2009. Chiwerengerocho chidachokera ku kafukufuku wina wocheperapo, amene sankayeza mwatsatanetsatane zimene banja ladya, koma ankangoyerekeza potengera zizindikiro zina za pakhomo. Chidalengezedwa m'misonkhano ya m'dziko muno ndi ya kunja komwe. Kafukufuku wamkulu atatuluka ndi 50.7, 39 uja adangozimirira mwakachetechete.

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukiranso njala ya 2002. Chimanga chidakanika mu 2001, koma ziwerengero za zokolola zidaonetsa kuti chinangwa ndi mbatata zilipo zochuluka zoti n'kutseka mpatawo. Zidali zokokomeza. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa. Pamene boma linkalengeza mu February 2002 kuti dziko lili pa ngozi ya njala, maliro adali atayamba kale m'midzi. Chiwerengero cholakwika chimachedwetsa thandizo, ndipo wochedweredwa ndi ife a kumudzi.

Komabe ndikhale wachilungamo. Sindikugwirizana ndi onena kuti a ku Zomba amaphika ziwerengero kuti asangalatse olamulira. Ndi ofesi yomweyo imene idatulutsa 50.7 pamene akuluakulu adazolowera kumva 39, ndipo idatulutsanso 51.5, chiwerengero chosonyeza kuti zinthu zabwerera m'mbuyo. Malipoti ake ali pa intaneti, aliyense atha kuwatenga. Kwa ine vuto lagona pena. Lipoti lolembedwa m'Chingerezi chokhachokha, lodzaza ndi masamu, loikidwa pamalo pofuna foni yamakono ndi ndalama ya bandulo, kwa agogo a m'mudzi muno silisiyana ndi lotsekeredwa m'kabati. Chinanso, olengeza amasankha chowakomera. Adzatchula 50.7 wa dziko lonse, osanena kuti kafukufuku yemweyo adapeza osauka pafupifupi 57 mwa 100 alionse kumidzi, pomwe m'mizinda adali 19 okha. Malipoti amenewa amakhalanso ndi chiwerengero cha boma lililonse palokha. Ndi angati mwa ife adachimvapo cha m'boma muno?

Alipo ena m'maofesi amene amati ziwerengero zikafika kumudzi zimangosokoneza anthu, andale amazipotoza, ndipo zimadzutsa chiyembekezo chimene boma silingakwaniritse. Mantha awo ali ndi pogwira, koma taonani zimene kusadziwa kwatichitira. Mtukula Pakhomo, yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006, adakonzedwa kuti afikire mabanja pafupifupi 10 mwa 100 alionse, omwe ndi osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Pomwe kafukufuku adapeza kuti a umphawi wadzaoneni ndi 20.5 peresenti. Ndiye kuti ngakhale kalembera atayenda mwachilungamo chotani, osaukitsitsa ambiri atsala kunja, chifukwa ndi momwe ndondomekoyo idakonzedwera. Kunena izi sikuchotsa mlandu kwa amene amalowetsa abale awo. Kumeneko n'kuba, ndipo tizikudzudzula. Koma ndi nyakwawa zingati zimene zanyozedwa, ndi mabanja angati amene sapatsana moni, pa mlandu umene mwini wake ndi kuchepa kwa malo? Anthu akadauzidwa poyera kuti osowa alipo mwakuti, malo alipo mwakuti, mkwiyo wawo ukadalunjika koyenera, ndipo phungu wathu akadapita nawo ku Lilongwe pa nthawi yokambirana bajeti.

Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo mundikhululukire a Mfumu ndikaitchula. Galimoto ya akalembera ikaoneka, mbuzi zimasamukira kwa achimwene, njinga imabisidwa kuseri kwa bafa, banja limodzi limasanduka mabanja atatu. M'zaka za makuponi midzi ina idabadwa pa pepala pokha. Tikudziwa chifukwa chake: munthu amaopa kuti akanena zoona atsala. Koma tidziwe kusiyanitsa. A NSO akamafunsa za zakudya za pakhomo salemba maina a olandira chithandizo, ndipo lamulo limawaletsa kuulula zimene banja lawauza. Tikawanamiza, chiwerengero chimene tidzakanganirane mawa chidzakhala chodetsedwa ndi manja athu omwe. Ndipo kaundula wa UBR, momwe mumachokera maina a olandira thandizo, akadzaza ndi mabodza, woyamba kugwa ndi mayi wamasiye amene alibe ngakhale mbuzi yoti abise.

Tsono tichitenji? Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo kufunsa tsopano kuli ndi lamulo kumbuyo kwake. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wodziwa zimene boma likusunga. Lamulo lofotokoza momwe ufuluwo ungagwirire ntchito lidavomerezedwa ndi aphungu mu 2016, n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Munthu wamba atha kupempha ku ofesi ya boma, kuphatikizapo khonsolo yathu, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndi limene lidapatsidwa udindo woyang'anira kuti lamuloli likutsatidwa. Sipafunika loya. Kalata yochokera ku komiti ino, yosainidwa ndi a Wapampando, ndi yokwanira.

Pempho langa ndi lakuti kalatayo ilembedwe lero, tisanabalalike. Tipemphe chiwerengero cha umphawi cha m'boma muno pamodzi ndi chaka chimene chidayezedwa. Tipemphe kuchuluka kwa mabanja a dera lino amene ali m'kaundula wa UBR ndi amene akulandira thandizo, gulupu ndi gulupu. Maina a anthu ayi, pakuti umphawi wa munthu si wouika pa mtengo wa kachere. Tikufuna manambala okha. Yankho likabwera, a Khansala alitengere ku msonkhano wa khonsolo ndi pempho loti limasuliridwe m'Chichewa, limatidwe ku bwalo la a Mfumu, ku chipatala ndi pa msika, kuti makomiti a m'midzi akamalemba mapulani awo a chitukuko azikhala nalo m'manja.

A Wapampando, alembi athu abwera ndi pepala ndi cholembera. Ndikubweza nkhaniyi kwa inu kuti anthu anenepo zoti zilowe m'kalatamo.