NYUMBA YOSAWOTCHA ANA ATHU

 Komiti inatipempha kuti pa tsiku lachikondwerero lino tiyankhule nkhani imodzi yokhudza mabanja athu, ndipo ife tasankha nkhani ya nyumba. Tasankha imeneyi pakuti amene amakhalitsa m'nyumba ndife amayi pamodzi ndi ana. Mwezi wa Okutobala ukafika, malata akayamba kulira ndi dzuwa, ndife amene timanyamula makanda kukawagoneka pansi pa mtengo wa mango. Ana athu a sukulu nawonso amabwera masana mitu ikuwawa, ndipo ukawafunsa zimene aphunzira amangoti munali kutentha.

Masiku ano kuli anyamata ndi atsikana amene aphunzira uinjiniya, ndipo ntchito yawo ndi kufufuza mmene nyumba imalowetsera kutentha ndi mmene imadyera magetsi. Akatswiri amanena kuti pa mphamvu zonse zimene anthu amagwiritsa ntchito pa dziko lapansi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limathera m'nyumba, pophika, powunikira, potenthetsa ndi poziziritsa. Motero iyi si nkhani yaing'ono. Tifuna tikuuzeni za mwana mmodzi wa mu Africa muno amene anaigwira ntchitoyi kumudzi kwawo, kenaka tifotokoze mmene achinyamata akuigwirira ndi kompyuta.

Mwanayo dzina lake ndi Diébédo Francis Kéré. Anabadwa m'chaka cha 1965 m'mudzi wa Gando, m'dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Upper Volta, ndipo kuyambira 1984 likutchedwa Burkina Faso. Bambo ake anali mfumu ya mudziwo. M'mudzimo munalibe sukulu, choncho ali ndi zaka 7 anamutumiza ku tauni ya Tenkodogo kuti akaphunzire kuwerenga ndi kulemba. Chipinda chimene ankaphunziramo chinali cha njerwa za simenti, chamdima, chosapita mphepo, ndipo ana anali othinana. Dziko limenelo ndi lotentha koposa, nthawi zina kutentha kumapitirira madigiri 40. Mwanayo sanaiwale chipinda chimenecho.

Pali chinthu china chimene iye mwini wakhala akufotokoza, ndipo tikupempha kuti muchimvetse bwino. Tchuthi chikatha, ankayenda khomo ndi khomo kutsazika. Mayi aliyense ankamasula mfundo ya pa nsalu yake ndi kumupatsa kakobiri kamene anali nako. Atafunsa amayi ake chifukwa chake, anamuyankha kuti amayiwo akuthandiza maphunziro ake, poyembekeza kuti tsiku lina adzabwera kudzathandiza mudzi. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuika. Amayi a ku Gando anaika makobiri awo mwa mwana, ndipo tiona zimene anadzatola.

Mnyamatayo anaphunzira ukalipentala, ndipo m'chaka cha 1985 anapeza mwayi wopita ku Germany. Masana ankagwira ntchito ya matabwa, usiku n'kumaphunzira sukulu ya sekondale. Patapita zaka analowa yunivesite ya zaumisiri mu mzinda wa Berlin kukaphunzira zomangamanga. Akali wophunzira, m'chaka cha 1998, anayambitsa kabungwe kosonkhanitsa ndalama zomangira sukulu kwawo. Atafika ku Gando ndi kunena kuti sukuluyo adzaimanga ndi dothi, anthu anakhumudwa. Iwo ankadziwa kuti khoma la dothi limagwa ndi mvula, ndipo sanamvetse kuti munthu wochokera ku Ulaya angawabweretsere dothi lomwelo. Iye sanawanyoze. Anakhala nawo pansi, anawafotokozera, ndipo anawaonetsa ndi manja mpaka anavomera. Sukuluyo, ya zipinda zitatu, inatha m'chaka cha 2001.

Tsono timve mmene anaimangira, pakuti nzeru yagona pamenepo. Njerwa zake zinali za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina, zosawotcha. Khoma lochindikala la dothi limachedwa kutentha, kotero kuti dzuwa la masana silifika msanga m'kati. Pamwamba pa chipinda anaika siling'i ya njerwa za dothi yokhala ndi timipata. Malata sanawakhomere pafupi ndi mitu ya ana. Anawakweza m'mwamba pa zitsulo, n'kusiya mpata waukulu pakati pa siling'i ndi malatawo. Tonse tikudziwa kuti utsi wa pa moto umakwera kumwamba. Mpweya wotentha umachitanso chimodzimodzi. M'chipindamo mpweya wotentha umakwera, umatulukira pa timipata tija, ndipo mphepo yodutsa pansi pa malata imautenga. Pamenepo mpweya wozizirirapo umalowa pa mazenera. Malatawo anawatulutsanso kutali kunja kwa khoma kuti apereke mthunzi ndi kuteteza dothi ku mvula. Zonsezi zimachitika popanda waya wa magetsi.

Mutu umodzi susenza denga. Mudzi wonse unagwira ntchitoyo. Anthu anatuta miyala ya maziko, amayi anatunga madzi oumbira njerwa. Pokonza pansi, anyamata ankapondaponda dothi, amayi n'kulimenya mpaka kulimba, ena n'kulikhula ndi miyala mpaka kusalala, monga mmene ife timazirira nyumba zathu. Pamene anadzamanga nyumba yosungiramo mabuku, anatenga miphika youmbidwa konko, anaidula, n'kuiika m'denga kuti ikhale timabowo tolowetsa kuwala. M'chaka cha 2004 sukulu ija inalandira mphotho ya Aga Khan, ndipo m'chaka cha 2022 Bambo Kéré analandira mphotho ya Pritzker, imene ili yaikulu koposa pa zomangamanga. Anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Makobiri a amayi aja anabwerera ali sukulu.

Pafupi ndi ife, mu mzinda wa Harare, muli nyumba yaikulu ya masitolo ndi maofesi yotchedwa Eastgate, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1996. Anaijambula ndi Bambo Mick Pearce pamodzi ndi mainjiniya a kampani ya Arup, ndipo nzeru yake anaitenga poyang'ana chulu cha chiswe. Usiku mafani amakokera mpweya wozizira m'mipata ya pansi pa zipinda, konkire n'kuzizira. Masana konkireyo imaziziritsa zipinda, ndipo mpweya wotentha umatulukira m'machumuni a padenga. Amene muli ndi abale ku Zimbabwe mukhoza kuwafunsa, ena mwa iwo anailowamo.

Mwina mukufunsa kuti kompyuta ikulowa pati pa nkhaniyi. Amayi osoka amadziwa kuti sitidula nsalu yodula mtengo tisanayese pa pepala. Nyumba nayo ndi yodula, ndipo ukaimanga molakwika udzapsa nayo moyo wako wonse. Choncho mainjiniya analemba mapulogalamu a kompyuta oyesera nyumba isanamangidwe. Imodzi yodziwika ndi EnergyPlus, imene boma la America linatulutsa m'chaka cha 2001, ndipo aliyense akhoza kuitenga pa intaneti osalipira. Injiniya amalembamo kukula kwa nyumba, kumene yayang'ana, zimene amangira khoma, mazenera angati, denga lotani, ndi anthu angati adzakhalamo. Kenaka amaikamo nyengo ya dera limenelo, ola ndi ola, maola onse 8,760 a chaka. Kompyuta imawerengera n'kumuuza mmene m'chipindamo mudzatenthere masana a tsiku lililonse. Iye amasintha chinthu chimodzi, kaya kupaka malata utoto woyera, kaya kusuntha zenera, n'kuyesanso, kufikira atapeza njira yabwino ndi yotsika mtengo.

Kompyuta payokha sidziwa kanthu. Pafunika munthu woilembera malamulo a masamu, ndi wina wopita kukapachika tizipangizo toyezera kutentha m'nyumba zenizeni kuti aone ngati zimene kompyuta yanena zili zoona. Ntchito ziwirizi, kulemba mapulogalamu ndi kuyeza nyumba, ambiri amene amazigwira m'mayunivesite ndi achinyamata. Chimene chimawayeneretsa ndi masamu ndi sayansi zimene anaziyamba ku pulayimale, monga ana athu omwewa.

Tsono ife amayi titengepo chiyani? Tili ndi mfundo zitatu.

Choyamba, pomanga nyumba tisamangokhala otunga madzi okha, tiziyankhulapo. Dzuwa limene limavuta kwambiri ndi la madzulo, lochokera kumadzulo. Ngati malo alola, makoma aatali a nyumba ayang'ane kumpoto ndi kummwera, ndipo mazenera aakulu asakhale kumadzulo. Mbali imeneyo tibzaleko mitengo. Mazenera akhale mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo idutse, ndipo pamwamba pa khoma pasiyidwe timipata totulukira mpweya wotentha. Siling'i, ngakhale ya mphasa kapena nsungwi, imatchinga moto wa malata. Khonde lalikulu si kunyada, limapereka mthunzi ku khoma. Malata owala kapena opakidwa utoto woyera amabweza dzuwa, pamene akuda amalimeza. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama zochuluka, zifuna kuziganizira mmisiri asanakumbe maziko.

Chachiwiri, ambiri mwa ife tili m'makomiti a sukulu ndi a chitukuko. Pakabwera nkhani yomanga chipinda chophunziriramo kapena nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera, tisathere pa kufunsa za matumba a simenti ndi chiwerengero cha malata. Tifunsenso kuti mwana akakhala m'menemo nthawi ya 12 koloko mwezi wa Novembala, adzapuma bwanji? Tisanyoze dothi ngati chinthu cha amphawi. Tikuona tokha mmene uvuni wa njerwa umamalizira mitengo m'midzi yathu, ndipo mitengo ikatha, amene amayenda mtunda wautali kufuna nkhuni ndife.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, tisamale ana amene ali ndi mutu wa masamu ndi manja okonda kukonza zinthu. M'nyumba zambiri muli mwana amene amamasula wailesi kapena tochi kuti aone za m'kati. Timulangize kusamala katundu, inde, koma tisamuphe mtima. Makamaka mwana wamkazi tisamuuze kuti masamu ndi a anyamata, ndipo tisamusenzetse ntchito zonse za pakhomo pamene mlongo wake akuwerenga. M'mera m'poyamba. Ndipo pakakhala mwana wanzeru pakati pathu amene fizi yamuvuta, tikumbukire amayi a ku Gando. Iwo sanali olemera kuposa ife, ndipo ambiri mwa iwo sanalowepo m'kalasi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tikupempha kuti nthambi iliyonse ikabwerera kwawo ikakambirane mfundo zitatuzi pa msonkhano wake woyamba, ndipo alembi atilembere zimene mwagwirizana, makamaka za ana ofunika thandizo la sukulu, kuti tidzaziwerenge pa msonkhano waukulu wa chaka chamawa. Abambo athu amene mwabwera kudzasangalala nafe, nanunso mwamva, tsono amayi akakayankhulapo za zenera musakadabwe.