"Dikirani Pang'ono Bwana, Zikubwera"

 Munandipempha kuti ndiyankhule za ntchito ya m'boma. Ndiloleni ndiyambire pa chakudya chamadzulo.

Mu Disembala 2023 amayi anga anakwanitsa zaka 70. Ife ana tinasonkherana kuti tikawadyetse pamalo ena odyera mu Lilongwe. Tinalipo anthu 26, kuwerengera amalume ochokera ku Dedza ndi adzukulu. Kutatsala sabata ziwiri ndinakalipira theka la ndalama, ndipo tinapangana kuti chambo, nkhuku yachikuda, nsima ndi mpunga wa Kilombero zikhale zitapsa pokwana 6 koloko.

Titafika tinapeza mipando 15 yokha. Woperekera chakudya anali mnyamata mmodzi. Nthawi inakwana 7 koloko patebulo pali mabotolo a Fanta okhaokha. Ndikafunsa, yankho linali lomwelo: "Dikirani pang'ono bwana, zikubwera." Cha m'ma 8 koloko kunabwera nsima yopanda ndiwo, ndipo pamene chambo chinkafika nsimayo inali itauma gwa. Anthu asanu sanalandire kanthu. Amayi amadwala shuga, kotero mlongo wanga anathamangira kugolosale kukagula buledi kuti amwere mankhwala. Pomaliza anatilipitsa ndalama zoposa zimene tinapangana, ati chifukwa kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala. Chonsecho mtengowo tinamvana kwacha itagwa kale.

Ndinapsa mtima. Ndinaitanitsa manijala, koma anati watuluka pang'ono. Mkwiyo wonse ndinaukhuthulira pa mnyamata uja. Apo ndi pamene amayi anandikoka malaya, nati:

"Iwe, musiye mwana wa eni ake, si iye wadya ndalama zako. Mawu akukuuzawa ndi omwe ankandiuza anzako a m'maofesi pamene ndinkalondola ndalama za malemu bambo ako. Fayilo sikuoneka, bwana ali kumsonkhano, mubwere mawa. Ine ndinayenda chaka chathunthu. Iwe maola awiri okha wayamba kale kubangula?"

Anzanga, ndinakhala pansi. Digiri yanga ya ku Chancellor College inalibe yankho. Ndagwira m'boma zaka pafupifupi 20, ndipo mawu akuti "mubwere mawa" atuluka pakamwa panga kosawerengeka, nthawi zina ndisanatsegule n'komwe fayiloyo. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Usiku umenewo ndinazindikira kuti chinandipweteka kwenikweni si njala ayi, koma kunamizidwa. Akanatiuza kuti chambo chilipo cha anthu khumi okha, tikanasankha zina, ndipo amayi akanadya nthawi yabwino. Wolakwa anali amene analandira ndalama za anthu 26 akudziwa kuti alibe antchito okwanira, n'kuzemba, kusiya mnyamata kuti atukwanidwe m'malo mwake. Kodi ife sitichita zomwezo tikabisala kuseri kwa alembi ndi amesenjala athu?

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anakhazikitsa ofesi ya Ombudsman kuti izimva madandaulo a anthu amene sitinawathandize bwino. Koma mayi wamasiye amene wagulitsa nkhuku kuti apeze ya basi sadzafikako. Amangobwerera kwawo.

Chiyambire tsikulo ndimayesetsa kuchita zinthu zitatu. Munthu akabwera ndimatuluka ndekha kukaonana naye. Ndimamuuza zoona, ngakhale zikhale zowawa. Ndikamuuza kuti abwerenso, ndimamulembera tsiku pakapepala n'kusayina. Sindinena kuti ndimakwanitsa nthawi zonse.

Muno muli madokotala, aphunzitsi, apolisi ndi a kubanki. Lolemba m'mawa padzakhala wina pabenchi kunja kwa chitseko chanu. Ameneyo ndi mayi wa munthu wina, ndipo mwina sanadye.

Mnyamata uja ndinabwerera m'mawa mwake kukamupepesa. Manijala anali atatulukanso pang'ono.