Band Saw Ipulumutse Mtengo, Osati Kudula Zala

Mawu amene adalankhulidwa kwa magulu a akalipentala ndi owotcherera zitsulo omwe akukonzekera kugula makina ochekera.



Matabwa akwera mtengo chifukwa mitengo ikutha. Nkhalango ya Chikangawa, imene kale inkadyetsa dziko lonse matabwa a paini, idapululuka kwambiri, ndipo mlombwa ndi mbawa zikusowa. Choncho mmisiri wa lero ayenera kufunsa: kodi pa chipika chimodzi, ndi gawo lalikulu bwanji limene likusanduka utuchi?

Apa ndi pamene pali ubwino wa makina otchedwa band saw. Macheka ake ndi lamba wachitsulo wopyapyala, wa mano mbali imodzi, wolumikizidwa nsonga zake ndipo amazungulira pa mawilo awiri. William Newberry wa ku England adalembetsa luso limeneli mu 1809, koma lidafala patapita zaka zambiri, anthu atadziwa kulumikiza lambayo molimba.

Lamba ameneyu amadya pafupifupi mamilimita 2 okha pamene akudutsa mu mtengo, pomwe chainsaw imadya mamilimita 7 kapena kuposerapo. Pa chipika chosemedwa mbali zinayi, chokhuthala masentimita 30, wocheka matabwa a mamilimita 25 amapeza 11 ndi band saw yochekera zipika, koma 9 okha ndi chainsaw. Matabwa awiri pa chipika chilichonse ndi phindu lalikulu kwa gulu lopanga madesiki a sukulu.

Komabe phindu limeneli limabwera pokhapokha makina akagwiritsidwa ntchito moyenera, pakuti mtengo ndi chitsulo sizichekedwa mofanana.

Choyamba ndi liwiro. Pocheka mtengo lamba amathamanga pafupifupi mamita 900 pa mphindi imodzi, pamene chitsulo chimafuna liwiro losafika mamita 100. Wocheka chitsulo pa liwiro la mtengo amawotcha mano a lamba m'kanthawi kochepa. Gulu lofuna kuchita ntchito zonse ziwiri ligule makina otheka kusintha liwiro, apo ayi ligule awiri osiyana.

Chachiwiri ndi mano. Lamulo lake ndi lakuti mano osachepera atatu azikhala mkati mwa chinthu chochekedwacho nthawi zonse. Thabwa lokhuthala limafuna mano akuluakulu, 3 mpaka 6 pa inchi, kuti utuchi uzituluka. Paipi yopyapyala ya mafelemu a mawindo imafuna mano ang'onoang'ono, 14 mpaka 24 pa inchi, chifukwa akuluakulu amakola m'mphepete n'kuthyoka. Chitsulo chimangidwe zolimba, ndipo makina akakhala ndi malo ake, madzi oziziritsira lamba asasowe. Utuchi usesedwe chitsulo chisanachekedwe, poti tizidutswa totentha tingathe kuyatsa moto.

Chachitatu, chimene chiposa zonse, ndi chitetezo. Band saw siichita phokoso loopsa ngati macheka ena, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaiderera. Chotchinga lamba chitsitsidwe kufikira patatsala mamilimita ochepa pamwamba pa thabwa. Zala zisayang'anizane ndi mzere wochekapo, ndipo kathabwa kakang'ono kakankhidwe ndi kamtengo. Magalasi oteteza maso avalidwe, koma magolovesi ndi malaya a manja olendewera ayi, chifukwa mano akakola nsalu amakoka ndi dzanja lomwe. Magetsi akazima, swichi izimitsidwe nthawi yomweyo kuti makina asadzidzimuke okha magetsiwo akabwera. Posintha lamba, pulagi ikhale yozula. Mmisiri woduka zala zitatu ndiye kuti banja lake lataya nkhokwe.

Gulu lisanapereke ndalama kwa wogulitsa, lifunse kumene malamba ena amapezeka ndi mtengo wake, poti lamba amabuntha ndiponso amaduka. Lipatule ndalama za malamba pa ntchito iliyonse, lizimasula lamba pang'ono poweruka kuti asatope, ndipo lisankhe anthu awiri kapena atatu ophunzitsidwa bwino, monga amene adadutsa m'maphunziro ovomerezeka ndi TEVETA, kuti ndiwo aziyendetsa makinawo ndi kuphunzitsa anzawo.

Mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi akupemphedwa kuonetsetsa kuti mitengo yochekedwa ili ndi chilolezo cha a zankhalango, ndiponso kuti gulu lililonse lolandira makina likudzala mitengo ina dzinja lililonse.