Makina Omasulira ndi Mtengo wa Tiyi

Kuyambira chaka cha 2014, Google Translate yakhala ikumasulira Chichewa. Kodi makina otere amaphunzira bwanji chilankhulo? Akatswiri amawapatsa ziganizo zochuluka zedi zimene anthu anazimasulira kale, ndipo makinawo amawerengetsera kuti liwu lakutilakuti limakonda kutsagana ndi mawu ati.

Tsopano tiyeni tipite ku Thekerani, m'boma la Thyolo, dziko la tiyi. Tiyerekeze kuti mlimi walemba kuti mtengo wa tiyi wagwa. Kodi chagwa n'chomera cha m'munda kapena ndalama zogulira tiyiyo? Akanalankhula pakamwa, khutu likanasiyanitsa msanga, pakuti mawu awiriwa sakwezedwa mofanana powatchula. Papepala kusiyana kumeneku sikuoneka konse. Motero makina ayenera kuyang'ana mawu oyandikana nawo: akapeza mphepo ndi mvula aganiza za chomera, akapeza msika wa tiyi wa ku Limbe aganiza za ndalama.

Komabe Chichewa chili ndi mwayi. Chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mabuku a sukulu ndi nyuzipepala zinachuluka. Chilomwe, chimene agogo ena a ku Thyolo amalankhulabe, sichinalembedwe chotero. Wofuna kuchiphunzitsa kwa makina ayenera kuyamba wakhala pakhonde ndi agogowo, kujambula mawu awo, ndi kuwalemba liwu ndi liwu.